Tsoka Langa Linanunkha

1

Amati tsoka silinunkha. Amene anayambitsa mawu amenewa sanakhalepo m'nyumba mwanga. Langa linanunkha sabata zitatu zathunthu, fungo la pulasitiki wopserera, ine n'kumazungulira m'nyumbamo ndi kabotolo kopopera fungo la ndimu.

Dzina langa ndine Zenaida. Ndimakhala m'katauni kena m'chigawo cha Batangas, m'dziko lathu la zilumba, ndipo mukafunsa kumsika akuuzani kuti ndine mkazi wa mtima wabwino amene anavutika chifukwa cha mlamu wosasamala. Ndalemba nkhaniyi chifukwa ndatopa nako kutamandidwa.

Ndinakwatiwa kwa a Dimayuga. Mwamuna wanga Efren amaphika m'sitima zonyamula katundu, miyezi isanu ndi inayi ali panyanja, itatu ali pakhomo. A Dimayuga sanali olemera kwenikweni, koma dzina anali nalo. Chiboliboli cha San Isidro, woyera wa parishi yathu, chinkasungidwa m'nyumba mwawo kuyambira nthawi ya agogo awo, n'kumatuluka kamodzi pachaka, pa fiyesita, chikondwerero cha woyerayo cha mu Meyi. Kwathu ife timagulitsa nsomba zouma. Tsiku limene Efren anakandionetsa kwawo, mlongo wake wamkulu, Amparo, anadzuka n'kutsegula mazenera onse. Ine ndinamva chimene ankatanthauza.

Amparo sanakwatiwe. Apongozi anga, amene tonse tinkawaitana kuti Inay, atafa mbali imodzi ndi sitiroko, iyeyo ndiye ankawasambitsa, kuwadyetsa ndi kuwatembenuza pabedi, zaka zisanu ndi ziwiri osawiringula. Ndinkadana naye, zoona, koma chimenechi sindingamulande.

2

Efren anaganiza zomanga chipinda pamwamba pa nyumba, chokhala ndi makina oziziritsa ndi zenera loyang'ana kumsewu, kuti Inay azitha kuona mdipiti wa San Isidro ali pabedi pawo. Ntchito yonse anandisiyira ine.

"Za magetsi ukaitane Mang Celso," anatero pafoni. Mang Celso anali mmisiri wokalamba wokhala ndi laisensi, amene analowetsa magetsi m'tchalitchi ndi m'nyumba zambiri za m'tauni muno.

Mawa lake ndinapeza mlongo wanga wamng'ono Fredo atakhala pakhonde panga, nkhope ili ndwii. Anali atabwera kuchokera ku Saudi, kumene ankati ankagwira ntchito ya magetsi. Kunena zoona, zithunzi zonse zimene ankatumiza zinkamuonetsa atagwirira makwerero, wina ali pamwamba.

"Ate," anandiitana monga timaitanira mchemwali wamkulu, "ndamva kuti ntchito mwapatsa nkhalamba ija."

"Ndi mawu a alamu ako."

"Ndiye ine ku Saudi ndinapita kukaweta ngamila? Ana anga atatu adye chiyani, mlongo wanga weniweni akulemeretsa anthu adera?"

"Fredo, ntchitoyi imafuna pepala. Satifiketi yosainidwa ndi injiniya, yonena kuti mawaya ali bwino."

Anaseka mpaka kuwomba ntchafu. "Pepala? Ate, mukukhala dziko liti? Ndili ndi mnzanga amene anaimira mwana wanga pa ubatizo. Amakhala pansi pa mtengo wa mango, panja pa maofesi paja, ndi kachikwama kake. Ameneyo ngakhale satifiketi yopitira kumwamba akhoza kukupezerani."

Amayi athu pomwalira anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Ndiwe Ate, usadzamutaye mwanayu." Kwathu kuno mawu amenewo ndi katundu amene sutula mpaka kumanda. Chibale ndi fupa, sichiola. Ndikhoza kubisala kuseri kwa miyambi imeneyi, koma ndalonjeza kunena zoona. Chimene ndinkafuna n'chakuti a Dimayuga, nthawi iliyonse akadina swichi, azikumbukira kuti kuwalako kwabwera ndi mwana wa wogulitsa nsomba.

Efren ndinamuuza kuti Mang Celso ndi otanganidwa.

Fredo anagwira ntchitoyo masiku anayi, akuimba mluzu. Amparo ankadutsa ndi beseni la zovala za Inay n'kumaima.

"Fredo, waya wowonda chonchiwu ndi wa magetsi kapena woyanikirapo nsomba?"

"Ate Amparo, inu pitani mukapemphere, ife tigwire ntchito. Magetsi sayendera korona."

Ndinaseka tsiku limenelo mpaka misozi.

Pepala linabwera patangotha masiku awiri. Linali lokongola, lolimba, la chidindo chotukuka choti ukhoza kuchimva ndi chala, ndipo pansi pake panali dzina la Injiniya Macatangay. Ndinaliika m'felemu ya galasi n'kulipachika m'munsi mwa masitepe, pamene aliyense wolowa ankayenera kuliona.

Amparo analiwerenga atavala magalasi. "Injiniyayu anabwera liti kudzayendera?"

"Munali kutchalitchi," ndinayankha, mtima osagunda n'komwe.

Ansembe anabwera kudzadalitsa chipindacho, tinamwaza ndalama zachitsulo m'makona, ndipo amuna anayi ananyamula Inay kukwera nawo pamwamba. Ataona msewu pazenera analira ndi chimwemwe. Zeneralo, monga mazenera onse a m'tauni muno, linali ndi zitsulo zotchinga akuba, ndi kachitseko kothawirako ngozi kamene tinkakhoma ndi loko. Kiyi wake Amparo anamumangirira pa korona wake.

3

Mwezi wa Epulo unabwera ndi kutentha kwake, makina oziziritsa n'kumayaka tsiku lonse. Apo m'pamene buleka inayamba kugwa, kaswichi kaja ka m'bokosi la magetsi kamene kamadzizimitsa kokha mawaya akalemedwa. Ikagwa, ine kudzutsa. Ikagwa, ine kudzutsa. Kenako kunabwera fungo lija.

Tsiku lina Amparo anakuwa ali kubafa la pamwamba. Magetsi anali atamugwira pampopi, dzanja mpaka m'phewa.

"Ndi manja onyowa amenewo," anatero Fredo nditamuimbira. "Muwagulire masilipasi a mphira."

Kutatsala sabata imodzi kuti fiyesita ichitike, ndinabwera kuchokera kumsika n'kupeza njinga ya Mang Celso patsogolo pa geti. Amparo anali atawaitana osandiuza. Magazi anandiwira.

"M'nyumba mwanga muno mwayamba kulowetsa anthu popanda ine kudziwa?"

"Ndi nyumba ya Inay," anatero Amparo modekha. "Angoona basi."

Mang Celso anakwera m'denga ndi tochi. Anakhalamo nthawi yaitali. Potsika, tsitsi lawo linali ndi ukonde wa akangaude, ndipo sanayang'ane aliyense. Anaima m'munsi mwa masitepe n'kuwerenga pepala langa lija, milomo ikugwedera. Kenako anavula chipewa, ngati munthu amene wakumana ndi maliro panjira.

"Zenaida," anatero, "nyumbayi ntchito anakusiyira ndiwe. Tandiperekeze kugeti."

Zimene anandiuza pagetipo ndikuuzani, koma osati pano. Ndiloleni ndipume kaye, chifukwa ndazisunga zaka zitatu.

Nditabwerera m'nyumba, Amparo anali akundidikira, manja ali pachifuwa.

"Akuti chiyani?"

"Akuti zonse zili bwino. Tingochepetsa kuyatsa zinthu zambiri nthawi imodzi."

Anapuma mpweya wautali n'kuchita chizindikiro cha mtanda. "Ambuye atamandike. Ndiye kuti Fredo ndinamulakwira. Ukamuuze kuti ndapepesa, Zenaida. Nawenso undikhululukire."

Zaka khumi ndi ziwiri ndili pabanjapo, aka kanali koyamba kuti Amparo andipepese. Ndinasangalala. Mulungu andikhululukire, ndinasangalala kwambiri.

4

Pa fiyesita geti silitsekedwa. Aliyense wodutsa, womudziwa ndi wosamudziwa, amalowa n'kudya, ndipo nyumba yosunga woyera ndiyo imayenera kuposa zonse. Ukachita manyazi tsiku limenelo, nkhani yako imakambidwa mpaka Meyi wa chaka chamawa. Efren anali panyanja, choncho dzina la a Dimayuga linali m'manja mwa mwana wa wogulitsa nsomba.

Ndinaotchetsa nkhumba ziwiri zamphumphu. Ndinabwereka mapoto amagetsi asanu ophikira mpunga, firiji yachiwiri, mafani asanu ndi limodzi ndi makina oimbira a karaoke. Pamwamba makina a Inay anali akulira monga mwa masiku onse.

Isanakwane teni koloko, buleka inali itagwa katatu. Kachitatuko nyimbo inaduka pakati, woimba n'kutsala akukuwa yekha, anthu onse n'kufa nazo nseko.

"Kwa a Dimayuga chaka chino magetsi akusala kudya!" anatero Tiya Luming, azakhali ake a Efren, amene pakamwa pawo sipagona. "Zenaida, mwana wanga, ngati zakukanika unene, tikubweretsere mbaula."

Ndinakoka Fredo n'kupita naye kuseri kwa khitchini, kumene kunali bokosi la magetsi. Patatha mphindi khumi magetsi anayaka, ndipo sanazimenso.

M'mawa wa tsikulo amuna anali atanyamula San Isidro kupita naye kutchalitchi. Mwambo wa a Dimayuga unali wakuti woyera akatuluka, pamalo pake amayatsapo makandulo awiri, ndipo malowo anali m'chipinda cha Inay. Amparo anawayatsa. Itakwana wani koloko anatsika atavala diresi lake loyera, kupita kukakongoletsa ngolo ya mdipiti ndi maluwa.

"Inay ndawasintha zovala kale," anandiuza. "Ndibwera mdipiti usanayambe, ndidzawakhazike pazenera."

Itangopitirira thu koloko, mayi wina wogulitsa mabaluni mumsewu anakuwa.

"Utsi! Utsi pamwamba!"

Zimene zinatsatira ndimazikumbukira zidutswazidutswa. Amuna awiri anathamangira pamasitepe n'kubwerera akutsokomola, denga likugwa moto. Ena anabweretsa makwerero n'kuyamba kumenya zitsulo za pazenera ndi nyundo. "Kiyi! Kiyi ali kuti?" Wina anathamangira kutchalitchi. Galimoto ya ozimitsa moto tinkaimva ikulira chapafupi pomwepo, koma msewu unali utadzaza ndi matebulo a malonda ndi oimba malipenga.

Bedi la Inay linali pafupi ndi zenera. Ndinaona dzanja lawo lamoyo lija litagwira chitsulo. Kenako sindinalionenso.

Amparo anafika akuthamanga wopanda nsapato, korona ali m'manja, kiyi akulendewera. Anafuna kukwera makwerero, amuna atatu n'kumugwira. Kulira kumene analira sindinakumvepo kwa munthu.

Anthu anapulumutsa mafiriji, mipando, ngakhale nkhumba imodzi. Ine ndinapezeka nditaima pakati pa msewu, nditakumbatira felemu ya pepala lija.

5

Ofufuza anabwera mawa lake, awiri, otopa, nsapato zili bii ndi phulusa. M'chipinda cha Inay anapeza zoikapo makandulo ziwiri zamkuwa.

"Mawaya a pamwambapa ndi atsopano?" anafunsa wamkuluyo.

Ndinamupatsa pepala. Anasisita chidindo ndi chala, n'kugwedeza mutu, n'kundibwezera.

"Nanga makandulo anayatsa ndani?"

"Ndine," anatero Amparo. Mawu ake anali atasasa. "Koma ndinazimitsa."

"Mukutsimikiza, mayi?"

"Ndimazimitsa nthawi zonse. Ndimanyowetsa zala n'kutsina."

"Sindikufunsa za nthawi zonse. Ndikufunsa za dzulo. Munali pa changu, si choncho?"

Amparo anayang'ana zala zake. Kenako anayang'ana ine. Ine ndinayang'ana pansi.

Lipoti linati moto unayamba ndi makandulo osiyidwa akuyaka.

Efren anafika patatha masiku asanu ndi limodzi, bokosi likumudikira lotseka. Pamaso pa anthu onse a pamaliro anaima patsogolo pa mlongo wake.

"Ntchito yako inali imodzi," anatero. "Unawasiya ndi moto, n'kuwakhomera, kiyi n'kupita naye kukasewera ndi maluwa. Usadzanditchulenso kuti mlongo wako."

Amparo sanadziteteze. Anagwada n'kugwira nsapato za Efren, iye n'kuchotsa phazi.

San Isidro anapita kukasungidwa ku banja lina. Mang Celso anayesa kulankhula, kometera tsitsi ndi pakhomo la tchalitchi, kuti moto umenewo unali wa mawaya. Nkhaniyo itandifika ndinalira pamaso pa amayi a kumsika, n'kunena kuti nkhalambayo ili ndi nsanje chifukwa ntchito inapita kwa Fredo. Pofika madzulo tauni yonse inali ikunena zomwezo. Efren anapita kwa Mang Celso n'kukawaopseza. Chaka chisanathe Mang Celso anamwalira ndi matenda a mtima, anthu akuwatchabe wansanje.

Amparo anachoka yekha, ndi kachikwama kamodzi. Palibe amene akanamulemba ntchito yosamala wodwala, ndipo ndi yokhayo imene ankaidziwa. Mapeto ake anakapezeka kushedi ya azakhali anga, akuthira mchere nsomba n'kumaziyanika padzuwa. Mkazi amene anatsegula mazenera chifukwa cha ine tsopano ankanunkha ngati kwathu. Kale ndikanati Mulungu wandibwezerera. Koma nditamuona koyamba atawerama pa thandala la nsomba, ndinathawira kuseri kwa shediyo kuti asandione.

Nyumba inagwetsedwa, tinamanga ina. Efren anakakamira kuti magetsi alowetse Fredo, kuti timuchotse manyazi amene Mang Celso anamupaka.

6

Tsopano ndibwerere pageti paja.

Mang Celso anatsamira njinga yawo n'kulankhula motsitsa mawu.

"Mwana wanga, pepala lako lija wakupatsa ndani?"

"Injiniya Macatangay. Dzina lawo mwaliona."

"Ndaliona. Macatangay tinaphunzira limodzi. Bokosi lake ndinanyamula nawo ndi phewa ili, zaka zinayi zapitazo. Chidindo chake chinasowa pamaliro pomwepo, ndipo kuyambira pamenepo wakhala akuyendera nyumba zambiri kuposa pamene anali moyo."



"M'dengamo," anapitiriza, "waya amene akukoka makina oziziritsa ndi woyenera babu. Polumikiza anangopota ndi manja n'kukulunga tepi, tepiyo yasungunuka kale. Mfundo yoipitsitsa ili pamwamba penipeni pa bedi la a Pacita." Limenelo linali dzina la Inay. "Uwatsitse lero. Uzimitse pamwamba ponse. Ndibwera mawa ndi waya wanga, za malipiro tidzakamba Efren akabwera. Ndipo buleka ikamagwa usamaitukwane. M'nyumba muno ndi yokhayo imene ikukuuza zoona."

Kutsitsa Inay sabata ya fiyesita kunatanthauza kuti tauni yonse ifunsa chifukwa. Kunatanthauza Amparo akundiyang'ana pamwamba pa magalasi ake, Tiya Luming akufalitsa, Efren akudziwa kuti ndinamunamiza, Fredo akusekedwa mpaka imfa.

"Fiyesita ikatha, Mang Celso," ndinatero. "Chonde, musauze munthu. Ndikuitanani ndekha pa 16, mawa lake la fiyesita."

Anavala chipewa chawo. "Waya sadziwa kalendala, Zenaida."

Koma anali munthu wakale, wolemekeza mwini ntchito, ndipo anasunga pakamwa monga ndinawapempha. Chimene chinawapha ndikuganiza kuti n'chimenecho.

Kuseri kwa khitchini, m'mawa wa fiyesita, Fredo anatsegula bokosi n'kukanda m'mutu.

"Ate, zinthu zachuluka. Tizimitseko zina. Mwina makina a pamwamba aja."

"Kuti Amparo atsike adzafunse chifukwa? Palibe njira yoti isagwenso?"

"Ilipo. Kudumphitsa waya, magetsi azingodutsa osalowa mu buleka. Koma Ate, tikatero palibenso chotiteteza."

Imvani bwino, owerenga. Fredo, mbuli imene sinkadziwa kusiyanitsa waya wa babu ndi wa makina, anachita mantha. Ine sindinachite.

"Mpaka madzulo okha," ndinatero. "Dumphitsa."

Wayayo Fredo anadzamuchotsa yekha, anthu ali kalikiliki ndi moto, ofufuza asanabwere.

Chatsala chimodzi, ndipo chimenechi ngakhale Fredo sankachidziwa. Cha m'ma hafu pasiti wani, Amparo atapita kale, ndinakwera pamwamba ndi kambale ka nyama yofewa ya Inay. Munthu womaliza kulowa m'chipindamo ndinali ine. Ndinaika mbaleyo patebulo la woyera, pakati pa makandulo awiri aja. Anali ozima. Zingwe zake zinali zopindika, zotsinidwa ndi zala, monga Amparo ankachitira nthawi zonse.

Fungo linali lamphamvu kuposa masiku onse. Inay anandikoka diresi ndi dzanja lawo lamoyo, n'kuloza kudenga. Pakamwa pawo pokhota panavutika kutulutsa mawu.

"Ku... kunu... nkha."

"Ndi nkhumba akuotcha panja, Inay," ndinatero.

Ndinatenga kabotolo kanga n'kupopera fungo la ndimu m'chipinda monse. Pansi wina anali akundiitana kuti mpunga watha. Ndinawapsompsona pachipumi, n'kutuluka, n'kutseka chitseko kuti kuzizira kusatuluke.

7

Zaka zitatu ndinakhala chete. Chimene chinanditsegula pakamwa ndi galimoto. Fredo anagula kagalimoto n'kulembapo dzina lake ndi chithunzi cha mphezi, ndipo tsiku lina ndinakaona kataima pa nyumba yatsopano yogonamo atsikana ophunzira unamwino. Mazenera ake onse anali ndi zitsulo.

Ndinamupeza akutsitsa mawaya. "Fredo, tiyenera kunena."

"Kunena chiyani, Ate?"

"Waya uja tinadumphitsa. Chidindo cha munthu wakufa."

Anayang'ana uku ndi uku, kenako n'kumwetulira. "Waya uti? Lipoti linati makandulo. Ate, mukudwala mutu. Pitani mukagone."

Efren ali patchuthi ndinamugwadira kuchipinda n'kumuuza zonse, kuyambira pageti mpaka pa kabotolo. Anandimvetsera mpaka kumapeto, n'kundidzutsa, n'kundipukuta misozi ndi malaya ake.

"Mtima wako ndi wabwino mopitirira," anatero. "Ukufuna kusenza mlandu wa Amparo kuti ndimukhululukire. Pepala lilipo, lipoti lilipo. Usadzayambenso nkhani imeneyi."

Kaya amakhulupiriradi, kaya akuopa kuti akakhulupirira ine ndiye kuti anataya mlongo wake pachabe, sindidziwa. Kuofesi ya ofufuza anandiuza kuti ndibweretse umboni. Nyumba inagwetsedwa, Mang Celso ali m'manda, ndipo umboni wokha umene ulipo ndi umene ndinaupulumutsa ndekha pamoto.

Ndinatsala ndi Amparo.

Ndinamupeza masana, akutembenuza nsomba pathandala, chipewa cha mlaza chili kumutu. Anali atatha, manja atang'ambika ndi mchere. Kutchalitchi anasiya kulowa, amangoima panja pa mpanda Misa ikamachitika.

"Ate Amparo, makandulo aja munazimitsa."

Manja ake anaima.

"Ndinalowa pambuyo panu. Ndinawaona ndi maso angawa, anali ozima. Moto unachokera m'denga. Mang Celso anandichenjeza, ine ndinakunamizani. Pepala lija ndi labodza. Inay ndinawapha ndine."

Ndinkayembekezera mbama. Ndinkaifuna. Ndinkafuna andikokere pakati pa msika, akuwe mpaka tauni yonse imve.

Anandiyang'ana ndi maso ofatsa, n'kupukusa mutu.

"Poyamba nanenso ndinkaganiza kuti ndinazimitsa," anatero. "Koma ndakumbukira bwino tsopano. Ndimadziona, Zenaida. Ndikutenga chikwama, ndikuyang'ana wotchi, ndikutuluka, kumbuyo kwanga akuyaka onse awiri. Lakumanzere linali litapendekeka. Tsiku lililonse ndimaliona."

"Sizinachitike zimenezo! Mwaziloweza chifukwa anthu akhala akukuuzani!"

"Usakuwe, azakhali ako angandichotse ntchito." Anandigwira tsaya ndi dzanja lake lokhakhala. "Ndinakulakwira kwambiri utangobwera, ndipo taona, mwa anthu onse ndiwe wekha umabwera kudzandiona. Koma usamachimwe ndi bodza pofuna kunditonthoza. Mtanda uwu ndi wanga."

Anasankha nsomba zinayi zabwino, n'kuzikulunga m'nyuzipepala, n'kundipatira m'manja.

"Ukamukazingire Efren," anatero. "Usamuuze kuti zachokera kwa ine."

8

Owerenga, sindikupempha kuti mundikhululukire. Pepani sapoletsa chilonda, ndipo amene ndikanamupepesa sakundimva.

Ndikungoti, wina akabwera kudzagwira mawaya a m'nyumba mwanu, kaya ndi mlongo wanu wa bere limodzi, muuzeni akuonetseni laisensi. Akakubweretserani pepala la chidindo chokongola, funsani kuti wosainayo analowa liti m'denga mwanu, ndipo kamuoneni ndi maso kuti akupuma. Buleka ikagwa, musaidzutse ndi mkwiyo ngati mwana waulesi. Ndipo ngati muli ndi choonadi chimene chingapulumutse munthu, chineneni lero, akadali wokhoza kuchilandira. Ine ndinkaganiza kuti choonadi chili ngati nsomba youma, ukhoza kuchisunga n'kudzachitulutsa tsiku limene wafuna. Changa ndinachitulutsa chitaola, palibe amene anachifuna.

Pepala la nyumba yathu yatsopano lili pakhoma, m'munsi mwa masitepe. Efren ndiye analipachika. Anasaina ndi Injiniya Macatangay.

Tsiku lililonse ndimazungulira m'nyumbamo ndikugwira makoma ndi chikhatho, ndikununkhiza masoketi limodzilimodzi. Alendo akandiona amagwedeza mitu mwachisoni. Amati taonani mmene moto uja unamuwonongera mkazi wabwinoyu, kenako amatukwana Amparo.